ANTHU AMENE AMAPHUNZITSA MAKINA KUJAMBULA

Nkhani yokambidwa pa wailesi

 Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za nchito ina imene ambiri a ife timadya zipatso zace tsiku ndi tsiku, osadziwa konse amene anaigwira. Kalaliki akayatsa kompyuta pa ofesi, kapena mwana wa sukulu akatsegula foni ya m'manja, cithunzi cimaoneka pomwepo pa galasi, ndipo palibe amene amazizwa. Timayamba kufunsa tsiku limene galasi lakhala bii, kapena pamene malemba ayamba kuphethira ndi kung'ambika pakati. Tsiku limenelo ndi pamene timazindikira kuti m'kati mwa makinawo munali wina wogwira nchito mwakacetecete, ndipo lero wakana.

WOMASULIRA WA M'KATI

Tiyambe ndi galasi lenilenilo. Cithunzi cimene mumaona pa kompyuta ndi timadontho tating'onoting'ono tondandalikidwa m'mizere. Pa magalasi ambiri a masiku ano pali timadontho 1,920 m'litali ndi 1,080 m'lifupi, ndiye kuti tonse pamodzi tikwana 2,073,600. Kadontho kali konse kayenera kuuzidwa mtundu wace, ndipo kuuzako kumabwerezedwa nthawi 60 pa sekondi imodzi kuti cithunzi cizioneka ngati ciri kuyenda. Nchito yotere ikadalemetsa ubongo wa kompyuta. Cifukwa cace opanga anaikamo kacipangizo kena kapadera kochedwa GPU, kamene nchito yace ndi kujambula basi. Inu a ku migodi muli ndi mbali m'kacipangizoka, pakuti kuyambira 1997, pamene kampani ya IBM inaonetsa njira yace, timawaya tosaoneka ndi maso ta m'kati mwa zipangizo zotere takhala tikupangidwa ndi mkuwa.

GPU ndi mmisiri waliwiro lodabwitsa. Cinthu ciri conse, kaya ndi nyumba kaya nkhope ya munthu, imacimanga mwa kulumikiza tizidutswa ta ngodya zitatu, kenaka nkupaka utoto. Koma mmisiri ameneyu ali ndi bvuto limodzi: amamva cinenero ca kwao cokha. GPU ya Intel iri ndi cinenero cace, ya AMD cace, ya Nvidia, ya Arm ndi ya Apple cimodzimodzi. Pamene mapulogramu amene timagwiritsa nchito amalankhula zinenero zina zogwirizanirana, monga OpenGL, cimene cinayamba mu 1992, ndi Vulkan, ca mu 2016. Tsono pakati pa awiriwa pafunika womasulira, ndipo womasulirayo ndi pulogramu yochedwa driver. Musaganize za dalaivala wa basi ai. Ganizani za womasulira wa pa bwalo la milandu, amene akapotoza liu limodzi munthu wosalakwa amalowa m'ndende. Driver ikapotoza liu limodzi, galasi limada, kapena makina onse amangoima njii.

MUNDA WA ANTHU ONSE

Mu 1991 mnyamata wina wa pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, dzina lace Linus Torvalds, anayamba kulemba pulogramu yoyendetsa kompyuta yonse, imene inachedwa Linux. Iye sanaibise. Anaiika pansi pa lamulo lakuti munthu ali yense angathe kuiwerenga, kuikonza ndi kupatsa anzace, malinga ngati naye sabisa zimene wakonzazo. Mu 1993 Brian Paul wa ku America anayamba pulogramu ina yochedwa Mesa, naitulutsa poyera mu 1995, ndipo m'menemo ndi mmene mumakhala madriver ambiri a zithunzi a Linux kufikira lero. Driver ya zithunzi iri ndi mbali ziwiri. Mbali imodzi imakhala mu mtima wa Linux, ndipo iri ngati kapitao wogawa malo ndi nthawi kuti mapulogramu asalimbanirane GPU. Mbali inayo imakhala m'Mesa, ndiyo imene imamasulira.

Musayese kuti Linux ndi cinthu cakutali. Foni iri yonse ya Android iri ndi mtima wa Linux m'kati mwace. Ndiponso mtundu wina wochuka wa Linux, umene anauyambitsa mu 2004 Mark Shuttleworth wa ku South Africa, dzina lace ndi Ubuntu, liu lomwe lija limene ife timati umunthu.

Bvuto linali lakuti womasulira sangaphunzire cinenero popanda womphunzitsa, ndipo makampani ena anatsekera mabuku a zinenero za GPU zao m'kabati. Intel inalemba nchito anthu olemba madriver oonekera kwa onse. AMD inayamba kutulutsa mabuku ace mu 2007. Koma Nvidia inapatsa anthu driver yotsekedwa, imene palibe wakunja akadatha kuiwerenga kapena kuikonza, ndipo inatsegula mbali ina ya driver yace m'mwezi wa May 2022, ndiko kuti zaka 15 pambuyo pa AMD. Kuipa kwa driver yotsekedwa ndi uku: tsiku limene mwini wace waleka kuisamala, makina amene alibe cirema ciri conse amayamba kukalamba m'manja mwanu, ndipo palibe wina angawathandize.

KUPHUNZIRA MWA KUMVETSERA

Nanga munthu angaphunzire bwanji cinenero cimene eni ace akana kumphunzitsa? Ambiri a inu munafika ku migodi osadziwa Cibemba, ndipo panalibe buku. Munachera khutu, munaona cimene munthu wacita atamva liu lakuti-lakuti, ndipo patapita miyezi munayamba kuyankha. Ndi momwemonso anacitira anthu a gulu lochedwa Nouveau, liu la Cifalansa lotanthauza cinthu catsopano, limene analiyambitsa Stéphane Marchesin mu 2005. Iwo analemba kapulogramu kochedwa REnouveau. Kameneka kamapempha driver ya Nvidia kuti ijambule kanthu kakang'ono, nikalemba zonse zimene driver yanena kwa GPU. Koma GPU za Nvidia zinali za mitundu yambiri, ndipo panalibe munthu mmodzi amene akadagula zonse. Tsono anapempha anthu wamba a m'maiko osiyanasiyana kuti ayendetse kapulogramuko pa makina ao ndi kutumiza zimene kalemba. Ambiri a otumizawo sanali kudziwa kulemba pulogramu, koma popanda iwo nchito ikadaima. Mu 2010 driver ya Nouveau inatuluka pamodzi ndi Linux yeniyeni.

Nkhani imene ndifuna kukhalapo pang'ono ndi ya makina a Apple. M'mwezi wa November 2020 kampaniyo inatulutsa makompyuta okhala ndi cipangizo cacecace cochedwa M1, ndipo sinatulutse buku lofotokoza GPU ya m'kati mwace. Posacedwa Hector Martin anayambitsa gulu lofuna kuti Linux iyende pa makinawo, nalicha Asahi Linux. Asahi m'Cijapani ndi dzuwa la m'mawa, ndiponso ndi dzina limene Ajapani amachulira mtundu wa cipatso ca apulo umene Azungu amati McIntosh. Poyamba Linux inayenda, koma popanda driver ya GPU. Ubongo wa kompyuta ndi umene unali kujambula wokha, mwapang'onopang'ono ndi modya batire.

Amene anatenga mbali ya kumasulira anali Alyssa Rosenzweig, amene nthawi imeneyo anali kuphunzira pa yunivesite ya Toronto ku Canada. Nchitoyi sinali yacilendo kwa iye, pakuti anali atatsogolera kale kulemba Panfrost, driver ya GPU za Arm zochedwa Mali, zomwe ziri m'mafoni ambiri otsika mtengo. Njira yace inali yofanana ndi ya a Nouveau. Amauza makina a Apple kujambula kanthu, nalemba manambala onse opita kwa GPU; kenaka amasintha cinthu cimodzi cokha, kaya mtundu kaya kukula, naona nambala imene yasintha. M'mwezi wa January 2021 anajambula ndi pulogramu yaceyace kacidutswa kamodzi ka ngodya zitatu. Kwa munthu wongoyang'ana ndi kanthu kacabe, koma kwa wodziwa, ndi liu loyamba la mwana wophunzira kulankhula.

MLANDU WA KALULU

Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo nchito iyi imatsimikiza mau amenewa. Anthu olemba mapulogramu a zithunzi ali ndi kalulu wao amene amayesera makina. Anamjambula pa yunivesite ya Stanford mu 1994 kucokera ku kacidole ka dothi, ndipo ali ndi tizidutswa ta ngodya zitatu toposa 69,000. Mu 2022 driver yatsopano ija inali kujambula bwino zinthu zing'onozing'ono, koma ikapatsidwa kalulu, GPU imajambula mbali imodzi ya thupi lace nkuima. Mbali ina yonse kulibe.

Rosenzweig anafufuza, nayesa ici ndi ico, kufikira anapeza muzu wace. GPU ya Apple sijambula galasi lonse nthawi imodzi. Imaligawa m'timabwalo tating'ono, ndipo isanayambe kupaka imayamba yasonkhanitsa tizidutswa tonse m'nkhokwe ina. Cinthu cikakhala cacikuru nkhokweyo imadzaza nchito iri pakati. Pamenepo GPU imapaka zimene iri nazo, imasunga cithunzi cosathaco pa mbali, imakhuthula nkhokwe, ndipo imafuna malangizo a katengedwe ka cithunzi cija kuti ipitirize pamene inalekezera. Driver sinali kupereka malangizo amenewo, cifukwa panalibe amene anali kudziwa kuti amafunika. Atawaika, ndi kukonzanso cosowa cina cofanana naco, kalulu anaoneka wathunthu, makutu ndi mcira womwe.

Mbali ya kapitao, ya mu mtima wa Linux, anailemba mu 2022 wina wodziwika ndi dzina lakuti Asahi Lina. Kumeneko kunali kobvuta mwa njira ina. M'kati mwa GPU ya Apple muli kakompyuta kena kakang'ono koyendera malamulo a Apple, ndipo driver ikakalakwira mau kameneka kamaima, osadzukanso kufikira mutazimitsa makina onse. Cifukwa cace Lina anasankha kulemba m'cinenero ca makompyuta cochedwa Rust, cimene cimagwira zolakwa zambiri pulogramu isanayambe kuyenda. Iyi inali driver ya GPU yoyamba ya mu mtima wa Linux kulembedwa m'Rust. M'mwezi wa December 2022 mbali ziwirizo zinaperekedwa kwa anthu kuti aziyese.

MAYESO

Palibe munthu wanzeru amene amakweza anthu m'cikepe cingwe cace cisanayesedwe. Madriver naonso ali ndi mayeso ao. Bungwe la makampani lochedwa Khronos Group, limene limasunga malamulo a OpenGL ndi Vulkan, liri ndi mafunso zikwizikwi amene driver iyenera kukhoza onse, ndipo zotuluka zimakhala masiku 30 m'manja mwa ena kuti aziunike isanabvomerezedwe. M'mwezi wa August 2023 driver ya Asahi inakhala yoyamba ya makina a M1 kubvomerezedwa motero. M'mwezi wa February 2024 inakhoza mayeso oposa 100,000 a OpenGL 4.6, pamene driver ya Apple mwini wace inalekezera pa 4.1. M'mwezi wa June caka comweco inabwera driver ya Vulkan, imene inafulumira kutha cifukwa Rosenzweig anamanga pa maziko a NVK, driver imene Faith Ekstrand ndi anzace analembera GPU za Nvidia. Taonani: thukuta la anthu olimbana ndi makina a kampani ina linathandiza makina a kampani inanso. Zotere zimatheka pokhapo pamene nchito iri poyera.

Koma mayeso a Khronos sakwanira okha. Makompyuta a m'dziko lapansi ndi a mitundu yosawerengeka, ndipo cokonza cimene caciritsa makina a ku Toronto cingathe kudwalitsa makina a ku Kitwe. Linux yatsopano imatuluka pa masabata 9 kapena 10 ali onse. Masabata awiri oyamba amalandira zosintha, zimene zimaposa 10,000. Masabata otsalawo Torvalds amatulutsa ya mayesero sabata iri yonse, kuti anthu aione ngati yathyola kanthu. Lamulo lace ndi lolimba: cimene cinali kuyenda dzulo cisaleke kuyenda lero, ndipo cosintha cimene caononga ciyenera kukonzedwa kapena kubwezedwa. Koma lamuloli limagwira nchito pokhapo ngati wina waona cilemaco nanena.

Mwina mufunsa kuti, pakati pa zosintha 10,000, munthu angapeze bwanji cimodzi colakwa? Njira yace ndi yanzeru koma yapafupi. Yerekezani waya wa magetsi wautali umene waduka pena pace. Simuyamba ku mapeto kuyesa phazi liri lonse. Mumayesa pakati, magetsi akapezeka, ndiye kuti colakwa ciri kutsogolo, ndipo theka lonse la m'mbuyo mwalimasula. Mumayesanso pakati pa theka lotsalalo, ndi kubwereza motero. Pulogramu yochedwa Git, imene Torvalds analemba mu 2005, imatsogolera munthu m'njira imeneyi. Zosintha 1,000 zimafuna kuyesa nthawi 10 zokha, ndipo 10,000 zimafuna nthawi 14. Woyesa safunika kumvetsa zolembedwazo. Iye amangoyatsa makina nayankha kuti cithunzi ciri bwino kapena caipa.

MBALI YANU

Pano ndipo pafika inu, makamaka anyamata ndi atsikana amene mumakonza mafoni ndi makompyuta m'misika, aphunzitsi, ndi akalaliki. Munthu wogogoda denga la mgodi ndi citsulo sindiye amene amaika mizati, koma khutu lace limapulumutsa anzace. Woyesa driver ali cimodzimodzi.

Coyamba, musayesere pa makina amene mumadyerapo. Tengani kompyuta yapadera, kapena ikani Linux pa fulashi ndi kuyatsira makina pamenepo, ndipo zinthu zanu zofunika muyambe mwazisunga kwina. Caciwiri, mukapeza cilema, yambani mwafufuza ngati wina anacinena kale. Ngati anatero, onjezani zanu pa zace. Cacitatu, nenani momveka. Munthu wothamangira kwa kapitao nati, "Kwagwa mwala," osachula malo, sanathandize kanthu. Chulani dzina la kompyuta ndi la GPU, nambala ya Linux ndi ya Mesa, zimene munacita mwa ndondomeko yace, cimene munayembekeza kuona, ndi cimene munaona. Jambulani galasilo ndi foni. Linux imasunga kaundula wa zocitika m'kati mwace, amene amaoneka mukalemba liu lakuti dmesg, tumizani ameneyonso. Ngati kale zinali kuyenda bwino, nenani Linux yotsiriza imene inayenda, pakuti pamenepo ndi poyambira kuyesa pakati kuja.

Cacinai, ndipo ici ndico cimene ambiri amalephera, musathawe. Wolemba driver alibe makina anu. Maso ace ndinu. Adzakufunsani mafunso, adzakutumizirani cokonza kuti muciyese. Yankhani, ngakhale yankho likhale lakuti sicinathandize. Cikathandiza nenaninso, ndipo mwa mwambo wa Linux dzina la wonena cilema ndi la woyesa limalembedwa pa cokonzaco. Pamene simunamvetse funsani, pakuti safunsa anadya phula.

MTENGO WACE

Ndingakunamizeni ndikati nchito iyi ndi yokoma yokhayokha. M'mwezi wa February 2025 Hector Martin anatula pansi utsogoleri wa Asahi Linux, nachula kutopa, kulimbana kwa pakati pa olemba Linux pa nkhani ya Rust, ndi anthu amene amangofuna zambiri osathokoza zimene alandira kwaulere. M'mwezi wa March Asahi Lina anaimitsa nchito yace ya driver. M'mwezi wa August Rosenzweig ananena kuti zimene anafuna kucita zatha, napita ku nchito ina. Koma popeza zonse zinalembedwa poyera, anzao anatola khasu pamene linagwera. Tiphunzirepo kuti mau aukali ocokera kwa munthu amene sanalipe kanthu amathyola msana wa wogwira nchito koposa kulemera kwa nchitoyo.

Ndiponso tisaganize kuti Linux imasunga makina akale mpaka kale-kale. Mu 2022 madriver angapo a GPU zakale kwambiri anacotsedwa m'Mesa yatsopano nasungidwa pa mbali, pakuti katundu wa kuwasamala anali atalemera. Driver imene palibe woiyesa imafota ngati njira imene anthu aleka kupitamo. Nkhaniyi itikhudza ife kwambiri, cifukwa makompyuta ambiri a m'masukulu ndi m'maofesi ang'onoang'ono kuno kwathu ndi ogwirapo kale nchito kwina. Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inaleka kusamala Windows 10 monga inali kucitira kale, ndipo Windows 11 imakana makompyuta ambiri akale. Makina otere angathe kukhala ndi moyo zaka zina pa Linux, malinga ngati driver ya GPU yao iri kuyenda. Olemba madriver ambiri ali ku maiko kumene makina akalewo anatayidwa kale. Amene ali nao m'manja ndife. Tikakhala cete, tsiku lina galasi la m'kalasi lidzada, ndipo sipadzakhala wodziwa kuti linada liti kapena cifukwa ninji.

Tsono ngati pa nyumba kapena pa nchito pali kompyuta yakale imene yangokhala kusonkhanitsa fumbi, ipukuteni sabata ino, muiyatse ndi Linux ya pa fulashi, ndipo muone ngati cithunzi cituluka bwino. Cikatuluka, mwapeza makina ophunzirira ana. Cikakana, mwapeza cilema cimene mwina palibe wina anacinena, ndipo mwadziwa tsopano kanenedwe kace.

Nthawi yathu yatha.  A nchito ya usiku muyende bwino, ndipo otsala nonse mugone bwino.